Misomali ya Mayi Clemencia

Phiri lamoto linatsokomola dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo phulusa lisanathe n'kugwa komwe, foni ya Sajeni Ovidio Pilatuña inali italira kale.

"Bwana, thamangani kuno kumadziwe," anatero Anselmo, mlonda wa pa akasupe otentha. "Kwabedwa. Ndipo amene akulozedwa chala ndi amayi anu."

Amayi ake omubereka anamwalira iye akukwawa. Kuno ku Chaupiyacu munthu akati "amayi ake a Ovidio," aliyense amadziwa kuti akunena mayi Clemencia Tubón, amene anamunyamula pa ubatizo, n'kumulera ndi ntchito ya masokosi.

Madzi asulufule a akasupe athuwa ndi abwino ku nyamakazi, koma ndi siliva sagwirizana ngakhale pang'ono. Mphete ikangowakhudza imada bii, n'kusiyanso mzere wakuda pachala umene suchoka ndi sopo koma ndimu. N'chifukwa chake mayi Clemencia akhala pachipata kuyambira ali mtsikana, kukalipira alendo: "Vulani siliva, anthu osamva inu!" Mlendo amaponya mphete kapena ndolo zake mu sokosi, iwo n'kumanga, n'kukoleka pamsomali, n'kumupatsa kathabwa ka nambala. Amabwereketsanso tizipewa tamphira, poti tsitsi sililoledwa m'madzi. Pakashedi kawo palibe loko. Loko wake ndi dzina lawo basi.

Ovidio atafika, chimene chinamubaya mtima si phokoso ayi, koma mzere. Alendo anali atandanda, aliyense kathabwa m'manja, kudzatenga sokosi yake nthawi yosamba isanathe. Misomali inkatsala yokhayokha pakhoma, ndipo mayi Clemencia ankangopereka, milomo atailuma.

"Eya, boma lafika!" anakuwa mkulu wina wamimba, wovala chipewa choyera chamlaza. "Ndine Wilfrido. Mangani nkhalamba iyi, a sajeni. Yabera apongozi anga masana dzuwa likuswa mtengo!"

"Bambo, boma lili ndi makutu, musalikuwire," anatero Ovidio. "Obedwawo ndi ati?"

Obedwawo anali mayi Perpetua Zambrano a ku Guayaquil, gogo wamng'ono thupi, atakhala pabenchi atafunda thaulo. Pamiyendo pawo panali sokosi yofiira yomasula, ndi timiyala tamumtsinje.

"Kolona yanga, mwanangu," anayamba pang'onopang'ono. "Yasiliva yeniyeni, yolemera. Anandisiyira agogo anga. Ndinabwera kuno chifukwa cha mawondowa, poti akuti madzi akuno amachiritsa, ndipo n'zoona, lamanzereli lasiya kulira. Ndimati chiyani? Kolona. Ndinaipereka m'manja mwa mayiwa. Potuluka m'madzi ndapereka kathabwa, andipatsa sokosi yanga, kulemera kwake komweko. Kumasula, miyala! Ine sindinagonepo opanda kolona ija chimwalirire bambo anga akunyumba."

Ovidio anatembenukira kukashedi. "Amayi, munachokapo pano?"

"Iwe Ovidio, usandifunse ngati sundidziwa," anayankha mayi Clemencia. "Phiri likatsokomola timatani? Ndinathamangira kukaanula mathaulo kuseri uku. Umafuna alendo azipukutira phulusa?"

"Panatsala ndani?"

"Mzukwa. Anselmo anathamangira kuvundikira madzi a nzimbe, alendo onse maso kumwamba, mafoni m'manja, kujambula utsi ngati sanaonepo moto."

Ovidio anadziwa kuti n'zoona. Phiri likatsokomola, ku Chaupiyacu ungathe kunyamula tchalitchi osaonedwa.

"Nanga inu bambo Wilfrido munali kuti?"

"Kumathithi, kujambula. Nditabwerako ndinalowa m'madzi pang'ono, kenako ndikumva amayi akulira. Koma bwanji mukufunsa ife alendo? Zikwama zathu mwina mufuna musechenso? Sechani! Koma muyambe kashediko. Msuweni wanga ndi loya, ndikuuzirenitu."

Kukana kukanaoneka ngati kukondera. Ovidio analowa m'kashedi. Anagwedeza mathaulo, anasuzumira m'dengu la mandimu, anatsegula kachitini ka singano. Mulibe. Anayamba kupuma bwino.

"Ndowa iyo?" anatero Wilfrido, akuloza ndi phazi ndowa ya panja pa khomo, mmene alendo amaponyamo tizipewa akatha kusamba.

Anselmo anaipendeka. Madzi athovu anayenderera pasimenti, tizipewa tikuterereka ngati achule. Kenako kunamveka ngwee!

Kuchokera m'kachipewa kena kobiriwira, kolona inagwa pamapazi pa mayi Clemencia.

*

Ngakhale ana m'dziwe anasiya kuwaza madzi.

"Ndimanama?" anatero Wilfrido, akutambasula manja kwa gulu lonse. "Ndimanama ine?"

Mayi Clemencia anayang'ana kolonayo, anayang'ana anthu, kenako anatambasulira Ovidio manja onse awiri. "Manga," anatero. "Ndiwe wa boma. Usachite manyazi chifukwa cha ine."

Ovidio sanathe kuwayang'ana kumaso. Ankadziwa mmene zikanayendera: chitokosi cha kutauni usiku womwewo, mawa khonsolo n'kulanda kashedi, ndipo ngakhale khoti litadzawamasula, ndani akanadzaponyanso mphete yake mu sokosi ya munthu amene anagwidwa ndi kolona m'ndowa? Anawerama kutola kolonayo kuti angobisa nkhope.

Atatola anaima chilili. Kolonayo inali yakuda bii, mkanda uliwonse, mpaka mtanda womwe.

"Si yanga imeneyo," anatero mayi Perpetua. Anaiyandikiza kumaso, n'kuyamba kulira. "Ayi, ndi yanga. Onani mano awa pamtandapa, anailuma mwana wanga Marilú akumera mano. Mayo ine, aitani kolona yanga?"

Ovidio anaviika chala m'madzi otsalira m'ndowa, n'kununkhiza. Sopo. Madzi ozizira apampopi. Madzi otere sadetsa siliva ngakhale utainyika chaka. Kolonayi inali itasamba m'dziwe lotentha, ndipo inasamba nthawi yaitali ndithu. Anayang'ana mayi Clemencia: siketi youma, juzi youma, nsapato zaphulusa. Mayi amenewa madzi amenewo amawatcha msuzi wa anthu, ndipo chibadwire Ovidio sanawaonepo ataviikamo ngakhale chidendene. Komanso ndi munthu uti wa ku Chaupiyacu angabe siliva n'kukaibisa m'madzi asulufule? Angakhale wamisala.

Wakubayo anali mlendo, ndipo anabisa kolona pamutu pake, m'kati mwa kachipewa. Mtima wa Ovidio unatsikako pang'ono. Koma tizipewa tonse n'tofanana, mitu inasamba tsikulo inali yodzaza mabasi, ndipo basi ya ku Guayaquil inali itayamba kale kutenthetsa injini.

"Amayi," anatero mouma, "kakhaleni m'galimoto."

Mayi Clemencia anamuyang'ana kamodzi kokha. Kuyang'ana kumeneko kunamupweteka kuposa khofi aliyense amene anamumenyapo ali mwana. Anapita okha, msana uli nji, n'kukakhala kumpando wakumbuyo, kumene timaona kukukhala zidakwa Loweruka.

*

Anselmo anamukokera kuseri kwa zimbudzi. Ndi munthu woti ukamufunsa njira amayambira kukuuza za agogo ake, ndiye Ovidio anamudula msanga.

"Lero ndani wavuta ndi tizipewa?"

"Aa, bwana, tsiku lililonse! Atsikana akuti kawononga tsitsi, anyamata akuti akuoneka ngati mazira. Ine wezulo pakamwa, pyee, pyee, mpaka masaya kuwawa. Dzana kunabwera wina wa ndevu mpaka pamchombo, ndinati kodi ameneyu kachipewa timuveke kuti?"

"Anselmo. Lero."

"Lero ndi abwana amimba aja, a msuweni loya. M'mawa ndikuti valani kachipewa, iwo kuvula chamlaza chija, n'kundiweramira: 'Tsitsi lake liti, mphwanga? Lipeze, ndikugulira mowa.' Bwana, dazi lake! Ntchentche itaterapo ithyoka mwendo. Ndiye paja adazi timawasiya, analowa choncho."

"Ndiye kuti anasamba m'mawa."

"M'mawa, opanda kachipewa. Koma phiri litatsokomola ndawaonanso ali pansi pa mpopi wotentha uja, madzi akukhuthukira pamutu, kachipewa kali kokoka mpaka m'makutu. Ndinati ndiwaseke, koma ndinaganiza kuti mwina akuopa phulusa lingawakande dazi."

"Ndowa ili pakhomo, aliyense angatolemo kachipewa osapempha?"

"Bola osanyansidwa."

Ovidio anakanda chibwano. Mwina ankaopadi phulusa. Loya angayankhe choncho, ndipo woweruza angagwedeze mutu. Anapita kwa Marilú, mwana wa mayi Perpetua, mkazi wa Wilfrido, amene ankapinda zovala zonyowa n'kuzipindanso.

"Mayi, phiri likutsokomola amuna anu anali kuti?"

"Anena kuti kumathithi." Mawu ake anali ochepa ngati obwereka.

"Inu munapitako?"

"M'mawa, ndisanalowe m'madzi."

"Munabwerako bwanji?"

"Nditanyowa mpaka m'kati. Madzi ake amachita kuwaza ngati mvula."

"Malaya a amuna anu ndi awo avalawo?"

Marilú anayang'ana mwamuna wake, amene ankafotokozera alendo za kuipa kwa anthu akumapiri. Malaya ake anali ouma gwaa, mizere ya simbi ikuonekabe. Kenako Marilú anati, maso ali pansi: "Akhala akunena kuti chinthu chodula chotere si choyenda nacho nkhalamba. Anafunsapo kwa munthu wina wogula zakale. Ine ndinati ndi nkhani chabe. Musanene kuti ndanena ine."

Basi inaliza hutala. Ovidio anayang'ana chipewa choyera chija. Ngati maganizo ake anali olondola, umboni unali pansi pake. Koma akanangoti vulani, mkuluyo akanazindikira, n'kuyamba za msuweni, kapena kukalowa kuchimbudzi n'kudzikhula mutu. Ndipo ngati pansi pa chipewapo panali dazi loyera chabe, ndiye kuti mayi Clemencia akanagona m'chitokosi, iye mwini atawatsekera.

*

"Mayi Perpetua," anatero Ovidio mokweza, kuti onse amve, "nkhani yatha, wolakwa ali m'galimoto. Koma kwathu kuno chotayika chikapezeka sitichoka nacho chonchi. Timakachionetsa kaye kwa Amayi Maria kuphanga la pamathithi, banja lonse, kuthokoza. Dalaivala adikira, ndi mwambo."

Sankanama. Kuphanga kuja kumapita makiyi, mapasipoti, mbuzi, ngakhale amuna amene anasowa ndi malipiro.

"Basi itisiya, amayi," anatero Wilfrido.

"Itisiye," anayankha gogoyo akudzuka. "Ine kwa Maria sindithawako chifukwa cha basi. Ndigwireni mkono, mkamwini."

Anatsika masitepe amiyala, alendo ena akutsatira, poti zaulere sizikanidwa. Mathithi ankagwa kuchokera pathanthwe lakuda, mkokomo wake ukugwedeza m'chifuwa, utawaleza uli m'munsi. Ovidio sanaone n'komwe kukongola kwake. Ankangopemphera kuti mphepo isatembenuke n'kuwaza madzi pa anthu asanalowe m'phanga.

M'phangamo munali mouma, makandulo akuyaka. Amuna onse anavula zipewa. Wilfrido, pofuna kuti anthu aone kuti ndi mkamwini wopemphera, anadutsa kutsogolo, anavula chake, anachigwira pachifuwa, n'kugwada, mutu ataweramitsa bwinobwino.

Munthu sadziona pamutu.

Woyamba kupuma mokweza anali Marilú. Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Yesu Maria!" Padazi paja, pakuwala kwa makandulo, panali timadontho takuda tozungulira bwinobwino, tokhala m'magulumagulu ngati mmene mikanda ya kolona imakhalira. Ndipo paliwombo penipeni panali mtanda, wooneka ngati wodinda ndi chidindo cha kuofesi.

Ovidio anatsamira khoma la phanga kaye, mpweya umene anausunga chiyambire kuchipata n'kutuluka wonse.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Wilfrido akutembenuka. "Mukundiyang'ana chiyani?"

"Musadzuke, bambo, mwagwada bwino," anatero Ovidio. Anatenga kolona m'manja mwa mayi Perpetua, n'kuiyala pamutupo. Mkanda uliwonse unakhala pa dontho lake. "Anselmo, jambula, waonetse abwana."

Wilfrido atayang'ana pafonipo, pakamwa panangoti yasa. Anapukuta dazi ndi chikhatho. Madontho ali pompo. Anapukuta ndi malaya. Ali pompo.

"Sachoka ndi malaya amenewo," anatero Anselmo. "Amafuna ndimu. Mandimu ake amasunga amayi mwawamangitsa aja."

"Ndi phulusa ili! Ndi... ndi matenda apakhungu!"

"Matenda okhala ndi mtanda?" anafunsa mayi Perpetua. Mawu awo sanalinso ozungulira. "A Wilfrido, ndinakupatsani mwana wanga. Mumadya patebulo panga."

Apa mkuluyo mutu unamuzungulira, n'kulankhula zimene loya aliyense akanamutseka pakamwa.

"Ndiye mukulira chiyani, poti ndi yabodza! Zaka zonsezi siliva, siliva, siliva ya agogo! Ndangoiviika pang'ono yada ngati msomali. Chitsulo chachabechabe! Mukanakhala inu simukanaitaya?"

Phanga lonse linaphulika ndi phwete, mpaka makandulo kugwedezeka. Ovidio naye analephera kudzigwira.

"Bambo," anatero akupukuta misozi, "chitsulo chachabe chikanatuluka mmene chinalowera. Yada chifukwa ndi yeniyeni. Munataya chinthu chenicheni, n'kufuna kutayira limodzi mayi wosalakwa. Manja kumbuyo."

Marilú sanalire. Anangotola chipewa choyera chija pansi, anachiyang'ana, n'kuchisiya pomwepo.

*

Ovidio anakwera masitepe aja akuthamanga ngati mwana wasukulu, Wilfrido atamusiyira Anselmo ndi alendo awiri amphamvu. Anatsegula chitseko cha galimoto. Mayi Clemencia anali chikhalire, manja pamiyendo, akuyang'ana kutsogolo.

"Tulukani, amayi. Malowo ali ndi mwini wake, akubwera."

"Usandiseweretse, iwe."

"Ndi mkamwini uja. Kolona yamudinda padazi. Wavomera yekha pamaso pa anthu."

Mayi amene sanalire ngakhale pamene phiri linagwetsa denga la nyumba yawo anagwira malaya a yunifolomu n'kubisamo nkhope.

"Ndimayesa wakhulupirira," anatero. "Za chitokosi sindimaopa. Ndimayesa iweyo wakhulupirira."

"Ndinadziwa nditangoitola, amayi. Mukanaba inu ikanatuluka yowala."

"Chitsiru," anatero, akumumenya pachifuwa ndi kachibakera. "Ndiye osanditsinzinira diso bwanji? Ndakalamba zaka khumi m'galimoto yonunkha mowa imeneyi."

Mayi Clemencia anabwerera kukashedi. Anatapa phulusa la phiri pazenera, analisefa pa kansalu, anafinyiramo ndimu, n'kutambasula dzanja. Mayi Perpetua anaikamo kolona. Anaipukuta mkanda umodziumodzi, anthu akuonerera, mpaka siliva inayamba kutuluka ngati mano a mwana. Pomaliza anaitsuka ndi madzi apampopi, n'kuibweza.

"Nayi. Ndipo musamayende ndi afisi."

"Ndinakhala chete akukutukwanani," anatero mayi Perpetua. "Mundikhululukire, mayi."

"Basi yanu ikupita."

"Ipite, ndigona konkuno. Bondo lamanjali silinamve bwino madzi."

Gogoyo anapsompsona mtanda, pamene panali mano a mwana wake. Kenako anatola sokosi yofiira ija pabenchi, anakhuthula timiyala totsalira, anaponyamo kolona, n'kuipereka.

"Ndisungireni."

Mayi Clemencia anayang'ana sokosiyo, n'kuyang'ana khoma la misomali yokhayokha. Anailandira, koma zala zinakana kumanga. Anayesa, mfundo n'kumasuka, anayesanso. Ovidio anaitenga mwakachetechete, anamanga mfundo imene anamuphunzitsa iwo omwe asanayambe sukulu, n'kuwabwezera kuti akoleke okha.

Anaikoleka pamsomali woyamba. Kumbuyo kwa mayi Perpetua mtsikana wina anali atayamba kale kuvula ndolo, ndipo kumbuyo kwake bambo wina ankalimbana ndi mphete yothina. Mayi Clemencia anapukuta mphuno ndi epuloni, anakoka mpweya, n'kutembenukira kuchipata.

"Vulani siliva, anthu osamva inu!"